Nkhafi ya Che Jaffalie

Mangochi
Novembala

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi adadi. Bondo lija likuti bwanji tsopano poti ku Indiana kwayamba kuzizira? Ndikudziwa kuti zolimbitsa thupi zimene ndinakusiyirani simukuchita, musavutike kukana. Mwana wanu akuyendetsa makolo a eni kuno, pamene mayi ake omubala akutsimphina m'khitchini. Ine ndili bwino, kungoti ndada ndi dzuwa, ndipo nsapato zanga zonse zadzaza mchenga.

Munadandaula kuti pa foni ndimangoti zonse zili bwino kenako netiweki n'kuduka. Ndinamvanso kuti munauza azakhali a Hana zinthu ziwiri: kuti Chichewa changa n'chongoitanitsira chakudya, ndiponso kuti pofika Khirisimasi ndidzakhala nditabwerera ndikulira, moti tikiti yanga mwayamba kale kuifufuza. Ndiye ndakhala pansi kuti ndikulembereni ndi dzanja langa, muone nokha. A Maurice, amene akubwera kumeneko ku ukwati wa mwana wawo, ndi amene akupatsireni. Mukapeza polakwika musandiuze. Nkhani ndili nayoyi ndi yabwino, sindikufuna muiwononge ndi cholembera chofiira.

Ndiyambe ndi kuvomera kuti pa zina munkanena zoona. Kuno ndine mzungu. Zaka zonse zija kusukulu akandifunsa kuti kwathu kwenikweni n'kuti, ndinkayankha monyada kuti ku Malawi, ngakhale ndinabadwira ku South Bend ndipo ndege ndinali ndisanakwerepo. Ndafika ku Malawiko, ana a pamsika akundithamangira akukuwa kuti mzungu. Ndinafunsa a Thandi, anamwino amene ndimagwira nawo ntchito, kuti anawa akuona chiyani. Anati si khungu ayi, ndi mayendedwe. Akuti ndimayenda ngati ndamva kuti nyumba ikupsa, botolo la madzi nditalifungatira ngati khanda.

A Thandi omwewo ndi amene anandiphunzitsa moni. Sabata yoyamba ndinalowa mu ofesi n'kufunsa makiyi a njinga basi. Iwo anaika cholembera pansi, anandifunsa mmene ndadzukira, mmene adzukira eni nyumba imene ndikuchita lendi, mmene mulili inu, adadi, achimwene anga, mpaka ndinazindikira kuti ndikukalipiridwa. Makiyi anandipatsa pamapeto, ndi manja awiri.

Mavuto ang'onoang'ono ndiye sasowa. Magetsi amazima nthawi imene ndawafuna, udzudzu wa m'mbali mwa Shire wandikonda kuposa munthu aliyense, ndipo eni nyumba akaona ndatseka chitseko masana amagogoda kufunsa ngati ndadwala. Koma chambo munkachitama chija simunanama. Ndimadya mpaka mutu, moti amalume a Evance nditawayendera ku Malindi anandiyang'ana n'kunena kuti uyu ndi wathu ndithu.

Ntchito yathu ndi yoyendera anthu amene anafa ziwalo, ambiri chifukwa cha sitiroko, m'midzi ya m'mbali mwa msewu wopita ku Makokola. Zipangizo zimene ndinaphunzirira ku koleji kuno kulibe. Malamba okoka aja timadula kuchokera ku machubu a njinga, ndipo zonyamula ndi mabotolo othira mchenga. Poyamba ndinkang'ung'udza tsiku ndi tsiku, koma anthu akuwongoka ndi zomwezo, ndiye ndinasiya.

Mwa odwala anga onse, amene ndakhalira pansi lero ndi Che Jaffalie. Ndi bambo wachikulire, msodzi moyo wawo wonse, Msilamu wosaphonya mzikiti. Sitiroko inawagwira mu Ogasiti akusoka ukonde pakhonde, n'kuwafoola mbali yonse ya kumanzere. Nditawaona koyamba anali chigonere pamphasa, nkhope atalozetsa kukhoma, ndipo anatuma akazi awo kuti andiuze kuti iwo sasewera ndi ana.

Akazi awowo, Abiti Wadi, ndi amene anandilandira. Anali mayi wamfupi, wa mawu ambiri, wosalola kuti ndichoke pakhomo ndisanamwe tiyi. Anaphunzira msanga kugwira bondo ndi kutambasula zala, ndipo ankakalipira amuna awo m'Chiyao mpaka bamboyo ankakweza mwendo pongofuna kuti mkazi akhale chete. Pofika kumapeto kwa Seputembala Che Jaffalie anali atayamba kukhala tsonga okha. Inu mumasamalira okalamba, Amayi, mukudziwa kuti pa sitiroko miyezi yoyambirira ndiyo imaweruza. Munthu akangogona osachita kanthu mwendo umauma, ndipo ukauma kuubweza n'kovuta.

Ndiyeno m'mawa wina, ndikupalasa njinga kupita kwa wodwala wina kupitirira mudzi wawo, ndinapeza nthambi za masamba aawisi zitayalidwa pamsewu. Ndinaganiza kuti zagwa pa lole. Mukukumbukira mmene adadi ankaimitsira galimoto kukaomba chimphepo, n'kutituma ine ndi Mark kuti tikokere nthambi kumbali kuti ena asachite ngozi? Ndinachita zomwezo. Ndinatsika, ndinazikokera m'ngalande bwinobwino, n'kukweranso njinga. Ndinadutsa anthu ambiri atakhala pansi pa mitengo ya mango, ndinawaimikira dzanja, nyimbo zili m'makutu. Kutsogolo ndinapeza nthambi zina, nazonso ndinachotsa, mtima uli myaa kuti ndathandiza dziko.

Amayi, munandiphunzitsa kugwada, kulandira chinthu ndi manja awiri ndi kusatchula wamkulu dzina, koma za masamba a pamsewu munaiwala. Palibe tsiku limene munandiuza kuti masamba amenewo amanena kuti pamudzi pali maliro, kuti wa galimoto achepetse liwiro, wa wailesi azimitse, wa njinga atsike ayende pansi. Mlandu umenewu tigawana, theka ndi wanu.

Malirowo anali a Abiti Wadi. Anagwa m'mamawa akupita kukatunga madzi, osadzukanso, ndipo Asilamu sachedwa kuika. Masana, pamene amuna ankadutsa pamsewu atanyamula jeneza, chonyamulira thupi chija, kupita kumanda, minibasi inatulukira pa liwiro, nyimbo zili pamwamba, chifukwa panalibe chouza dalaivala kuti pali zovuta. Anthu anabalalika, ena anagwera m'ngalande, ndipo jeneza linangotsala pang'ono kugunda pansi. Mulungu ndi wabwino, palibe amene anavulala. Koma mudzi wonse unali utaona amene anachotsa masamba.

Nditamva, m'mawa mwake ndinathamangira komweko, thalauzi la kuntchito lili m'thupi. Ndinaimirira pakati pa bwalo n'kuyamba kufotokoza kuti sindinadziwe, kuti kwathu timatero, kuti cholinga changa chinali chabwino. Awa, mwana wawo wamkazi amene amagulitsa usipa pamsika wa pa boma, anandimvetsera mpaka mawu anandithera. Kenako ananena motsitsa kuti amva, ndipo kuti bambo ake sakufunanso zolimbitsa thupi. Anaonjezera kuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndiye ndisadzivutitse ndi anthu amene ndiwasiye posachedwa.

Ndinalira, Amayi. Ndinalirira Abiti Wadi, amene anali mnzanga woyamba kuno, ndinalira ndi manyazi, ndinaliriranso mwendo uja umene tinauvutikira awiri. Ndi sabata ija ndinakuuzani pa foni kuti ndili ndi chimfine. Mukanati mundifunse za tikiti tsiku limenelo, bwenzi kalatayi kulibe.

A Thandi sananditonthoze ngakhale pang'ono. Anati za masamba zinali za umbuli, anthu akanakhululuka, koma kukaimirira pa siwa, panyumba ya maliro, n'kumadziteteza ngati loya ndiye kunanyanya. Akuti pamaliro munthu sapitira kukalankhula, amapitira kukakhala. Anandibwereka chitenje ndi mpango wa kumutu, anandiuza kuti ndigule mtolo wa nkhuni, ndipo anandiperekeza tsiku loyamba lokha. Lamulo anandipatsa limodzi, lakuti ndisatsegule pakamwa pokhapokha wina atandifunsa.

Inu mukundidziwa, kukhala chete kwa ine ndi chilango. Ndikaweruka kuntchito ndinkapita kukakhala pamphasa kuseri kwa nyumba pamodzi ndi amayi, miyendo nditaitambasula mpaka kuchita dzanzi. Tsiku loyamba lija wina atandibweretsera mpando a Thandi ananditsina, ndipo ndinakana. Madzi akatha ndinkatenga ndowa kupita kumjigo. Pamutu sindinaphunzirebe, ndiye ndinkabwerako nditanyowa mbali imodzi. Palibe amene anandithamangitsa, palibenso amene anandilankhula. Chondipweteka kwambiri chinali chakuti Che Jaffalie anagona kuseri kwa khoma lomwe ndinkatsamiralo, ndipo ndinkadziwa kuti mwendo ukuuma ine ndili pomwepo.

Masiku anapitapo ndithu. Tsiku lina Awa anabwera ndi lichero la mpunga wosinja n'kuliika pamiyendo panga osandiyang'ana. Ndinaonera mmene amayi ena ankapetera, ndinayesa. Mpunga unauluka, mankhusu anatsala. Nkhuku za mudzi wonse zinathamangira kudzandithokoza. Mayi wina wachikulire anayamba kuseka, anayesa kubisa nkhope m'chitenje, zinakanika, ndipo posakhalitsa onse anali atagwa nako kuseka, Awa yemwe, misozi ya kuseka ndi ya kulira ikutsikira pamodzi.

M'nyumba munamveka mawu a Che Jaffalie akufunsa kuti ndani waseketsa anthu pakhomo pamene sipanamveke phwete chimwalirire mkazi wawo. Atauzidwa, anati munthuyo alowe.

Ndinalowa chogwada. Anali atawonda, mwendo utayamba kupindika. Za masamba sanatchule. Anandiuza kuti mkazi wawo anamukwatira onse ali ana, koma tsiku loika, amuna anzawo ananyamula jeneza iwo ali chigonere, osaponyako ngakhale dothi. Manda a mkazi wawo anali asanawaone. Anati pa sadaka ya masiku makumi anayi, pamene amuna adzapite kumanda kukapemphera, akufuna kukafika ndi miyendo yawo. Ana anali atanena zowakweza pa njinga kapena pa wilibala, iwo n'kukana, akuti Abiti Wadi angawaseke kuti abwera ngati thumba la usipa. Kenako anandifunsa ngati zingatheke, n'kundichenjeza kuti ndisawanamize.

Ndinawauza kuti sindikudziwa, chifukwa nthawi yambiri yatayika, koma ngati iwo satopa inenso sinditopa. Anati limenelo ndi yankho la msodzi, poti wopita panyanja salonjeza nsomba. Tinayamba tsiku lomwelo.

Uladi, mwamuna wa Awa, amene amakhoma maboti a matabwa, anazika nsungwi pabwalo kuti apongozi ake azigwira poyenda. Awa anatenga malo a mayi ake pa bondo, ndipo kakalipidwe kake n'komweko, sanaphonye. Ndodo yachitsulo imene ndinabweretsa kuchokera ku ofesi Che Jaffalie anaikana kwamtuwagalu, akuti imeneyo ndi ya odwala. Tinakangana tsiku lathunthu. Mapeto ake anatuma kuti awatsitsire nkhafi yawo yakale kudenga, ija ankapalasira bwato ali ndi mphamvu. Uladi anaidula pang'ono kuti ilingane ndi msinkhu wawo n'kuikhomerera chidutswa cha tayala kumunsi. Ndinaitsamira ndekha ndi thupi langa lonse, inali nganganga. Mabuku anga sanena za nkhafi, koma saletsanso.

Mdani wathu wamkulu anali mchenga. Ku Indiana tinkaphunzitsa anthu kuyenda pa simenti yosalala, kuno phazi lofooka limamira. Dzuwa la Okutobala nalo silisewera, moti ndinkafika m'mamawa ndisanapite kwa odwala ena, n'kubwereranso likapendeka. Anagwa kangapo. Tsiku lina anagwa moipa, chigongono n'kung'ambika, ine ndinachita mantha n'kunena kuti tipume kaye. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana, n'kunena kuti iwo anaimirirapo m'bwato mwera ukuomba, ndiye sangagonje ndi nthaka yoti sikugwedezeka n'komwe. Awa anawamanga chilonda, tinapitiriza.

Sadaka inali Loweruka lapitali. Anthu anachokera ku Namwera, ku boma, ena kutsidya kwa nyanja. Mpunga unaphikidwa m'miphika yoti mwana angasambiremo, ndipo lichero palibe anandipatsanso. Che Jaffalie anatuluka atavala mkanjo woyera ndi kofiya, nkhafi ili kudzanja lamanja. Ndinanyamuka kuti ndikayende kumanzere kwawo monga mwa masiku onse, koma Awa anandigwira chitenje. Akazi safika kumanda. Zimenezi ankazidziwa aliyense kupatula ine. Masabata onsewa ndinkadziona ndili pambali pawo ulendo wonse, ndiye mtima unangoti phwii. Ndinangotha kunong'oneza Uladi kuti akhale kumanzere, ndipo asawagwire pokhapokha bondo litapinda.

Njira ya kumanda imadutsa msewu womwe uja. Amuna asanafike pamenepo, Awa anapita pa mtengo wa mango, anathyola nthambi zingapo n'kubwera nazo kwa ine. Anati pa sadaka nthawi zambiri saika masamba, koma bambo ake adutsa pang'onopang'ono, ndipo magalimoto a kuno ndikuwadziwa. Anandipatsira m'manja, amayi onse akuona, n'kundiuza kuti ndikaike.

Ndinaziyala ndekha, Amayi, uku ndi uku. Ndikungomaliza, minibasi inatulukira. Dalaivala anaona masamba, anachepetsa liwiro, anazimitsa wailesi, anaima. Wa kabaza amene anali pambuyo pake anatsika, wokwera wake yemwe. Onse anadikira, ndipo Che Jaffalie anadutsa msewu, nkhafi patsogolo, mwendo wodwala n'kutsata, wabwino pambuyo, monga tinaphunzirira. Shehe ndi amuna onse ankayenda m'mbuyo mwawo pa liwiro lawolo, osapezeka wowapitirira. Tinawayang'ana mpaka mkanjo woyera unalowa m'mitengo.

Kudikira kumene kuja sindidzakuiwala. Ndinkaganizira muzu uliwonse ndi dzenje lililonse la njira imene sindinaionepo. Awa anali atandigwira dzanja mwamphamvu, sindikudziwa ngati ankandilimbikitsa kapena ankadzilimbikitsa yekha.

Anabwerako ndi miyendo yawo. Mkanjo unali utanyowa ndi thukuta, mpweya ukuvuta, koma Uladi anandipukusira mutu chapatali kundiuza kuti sanawagwire. Amayi a m'mudzimo anafuna kululuta, n'kukumbukira kuti ndi pa sadaka, ndiye anangogwira pakamwa. Che Jaffalie atakhala pampando anandiitana, ndinagwada. Anakweza dzanja lamanzere, lija takhala tikulimbana nalo kuti litambasuke, n'kulitsegula pang'onopang'ono. Munali dothi, m'zala ndi m'zikhadabo. Anati dothi limene anakanika kuponya tsiku lija aponya lero, ndipo asankha dzanja limenelo chifukwa ndi limene mkazi wawo ankalisisita. Anati amuuza Abiti Wadi kuti ntchito imene anaiyamba, mtsikana wake wa tiyi uja waimaliza. Kenako anati sikomo kwejinji, ndipo Chiyao chimenecho sindinafune womasulira.

Ndikuuzeni mosabisa, Amayi, ndikunyada. Tsiku limene ndinalandira digiri munalira ndinu, ine ndinkangoganiza za nsapato zimene zinkandithina. Loweruka ndinalira ndine, pamaso pa mudzi wonse, ndipo sindinachite manyazi. Lachisanu likubwerali Che Jaffalie akuti akuyenda kupita ku mzikiti, ndipo m'mudzimo mwatulukira odwala ena awiri amene abale ankawabisa m'nyumba. A Thandi akuti ntchito ndadziputira ndekha.

Tsopano pempho langa ndi limodzi. Tikiti ija mukufufuzayo mugule ndithu, koma ilembedwe dzina lanu. Ine Khirisimasi ndidyera kuno, ndipo ku ofesi ndawauza kale kuti chaka chamawa ndilipo. Papita zaka zambiri musanaponde kwanu, ndipo amalume a Evance akuti chipinda chanu ku Malindi achizira kale. Musanamizire bondo. Nsungwi zija zikadali pabwalo pa Che Jaffalie, ndipo Awa wavomera kuti azidzakukalipirani.

Mundiperekere moni kwa adadi, muwauze kuti phunziro lawo la nthambi ndi labwino, koma limathera pa bwalo la ndege. Moni kwa achimwene a Mark ndi alamu anga a Ruth, andipsopsonere kamwana. Moni kwa azakhali a Hana, ndipo kalatayi muwawerengere yonse, osadumpha ndime. Kuno akukupatsani moni amalume ndi ana awo onse, a Thandi, ndi Che Jaffalie, amene akuti munalera bwino koma za kupeta munalekerera.

Awa naye wandipatsa uthenga wanu. Akuti ndikuuzeni kuti dzuwa la Mangochi lawomba mokwanira, koma mame aja sanakamuke.

Mulungu akusungeni mpaka ndidzakuchingamireni.

Ndine mwana wanu,
Tayamika